Atambala Awiri M'khola Limodzi: Makina Ojambulira Nyimbo ndi Kompyuta M'situdiyo ya Panyumba

Masiku ano si chachilendo kupeza chipinda chimodzi cha nyumba ya munthu wamba chitasanduka malo ojambulira nyimbo. Bedi lakankhidwira kukona, mabulangete apachikidwa m'zipupa kuti mawu asamabwerere, ndipo patebulo pakhala zinthu ziwiri zoyang'anizana: makina ojambulira mawu a mizere yambiri mbali iyi, kompyuta mbali inayo. Mwini chipindacho, amene mwina adasunga ndalama chaka chathunthu kuti agule zimenezi, amakhala ndi funso lomusowetsa tulo. Anzake ena amamuuza kuti makinawo ndi achikale, awagulitse msanga asanatsike mtengo. Ena amamuuza kuti kompyuta njosadalirika, imangoima pakati pa nyimbo, ndipo tsiku lina idzamuchititsa manyazi pamaso pa oimba amene alipira ndalama zawo. Nanga iye amvere ndani?

Magulu onse awiriwa akunena zoona pang'ono, ndipo onse akulakwa pang'ono. Zipangizo ziwirizi zingathe kukhalira limodzi ndi kuthandizana, monga zakhala zikuchitira kuyambira m'zaka za m'ma 1980, malinga chilichonse chitapatsidwa ntchito yakeyake, ndiponso malinga mwini wake atadziwa chimene chikutsogolera ndi chimene chikutsatira. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi. Mavuto ambiri a m'situdiyo ya panyumba amayamba pamene munthu waiwala mwambi umenewu.

Poyamba nkofunika kumvetsa tanthauzo la mizere yambiri. Kalekale oimba onse ankaima pamodzi nkuimba nthawi imodzi, ndipo wina akaphonya, nyimbo yonse inkayambidwanso. Makina a mizere yambiri amagawa tepi, kapena chosungira mawu china chilichonse, monga mlimi amagawira munda wake: ng'oma pamzere wake, gitala pamzere wake, liwu la woimba pamzere wake. Anthu a m'situdiyo mzere woterewu amautcha track. Ubwino wake ngwakuti mzere umodzi ungathe kufufutidwa ndi kujambulidwanso, ina yonse osaikhudza, ndipo munthu mmodzi angathe kuimba gitala lero, mawa nkuikapo mawu akumvetsera zimene adajambula dzulo. Katswiri wa gitala wa ku America, Les Paul, ndiye adalimbikira nzeru imeneyi, ndipo mu 1957 kampani ya Ampex idamupangira makina a mizere 8. Patapita zaka khumi, mu 1967, gulu la The Beatles lidajambula chimbale cha Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band ku Abbey Road mumzinda wa London pa makina a mizere 4 yokha. Mizereyo ikadzaza, akatswiri ankaisakaniza nkuitsanulira pa tepi ina kuti papezeke malo. Ntchito imeneyi inkafuna mtima wolimba, pakuti pa tepi yatsopanoyo zosakanizidwazo sizinkalekanitsikanso, monga ufa ukalowa m'madzi.

Kwa zaka zambiri makina otere ankapezeka m'masitudiyo akuluakulu okha, kaamba ka mtengo wake. Zinthu zidasintha mu 1979 pamene kampani ya TEAC ya ku Japan idatulutsa makina otchedwa Portastudio 144. Makinawa ankajambula mizere 4 pa kaseti wamba, yomwe ija omvera ambiri akuikumbukira. Tepi inkayenda liwiro lowirikiza kawiri, ndipo mizere inayi yonse inkalowera mbali imodzi, kotero kuti kaseti ya mphindi 60 inkangokwana mphindi 15, ndipo sinkatembenuzidwa. Komabe kwa woimba wopanda ndalama zolipirira situdiyo, kabokosi kameneka kadatsegula khomo limene kale lidali lotseka.

Umboni wa mphamvu ya kabokosika udaoneka msanga. Chakumapeto kwa 1981 ndi kumayambiriro kwa 1982, woimba wa ku America, Bruce Springsteen, adakhala m'chipinda cha nyumba yake ku Colts Neck m'chigawo cha New Jersey, ndipo ndi gitala, maikolofoni awiri ndi Portastudio 144, adajambula nyimbo zingapo zoti akaphunzitsire gulu lake. Atapita nazo kusitudiyo yaikulu ku New York nkuzijambulanso ndi gulu lonse, adaona kuti zambiri mwa izo zataya mzimu umene zidali nawo m'chipinda muja. Potsiriza adagamula zotulutsa zomwe zija za pa kaseti, ndipo chimbale cha Nebraska chidatuluka mu Sepitembala 1982. Phunziro lake nlakuti nyimbo ili ndi nthawi yake imene imaimbika bwino, ndipo nthawiyo siuza munthu kuti ikubwera. Chipangizo chimene chili chokonzeka pa nthawi imeneyo ndicho chamtengo wapatali kuposa zonse.

Kompyuta idalowa m'chipinda cha woimba kudzera pa khomo lina. Mu Januwale 1983, pa chionetsero cha zida zoimbira ku Anaheim m'chigawo cha California, kiyibodi ya kampani ya Sequential Circuits idalumikizidwa ndi kiyibodi ya kampani ya Roland, ndipo munthu akadina imodzi, inzake inkalira. Chiyankhulo chimene zidazi zinkamvana nacho chimatchedwa MIDI, ndipo amene adachilimbikira kwambiri adali Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa ku Japan. MIDI sinyamula mawu. Imanyamula malangizo okha: batani lakuti ladinidwa, mwamphamvu chotere, ndipo lasiyidwa nthawi yakuti. Mu 1985 kudabwera kompyuta ya Atari ST imene idali ndi malo olowetsera nthambo za MIDI, ndipo mu 1989 kampani ya Steinberg ya ku Germany idatulutsa pulogalamu ya Cubase yoyendera pa kompyuta imeneyo. Makompyuta a panyumba a nthawi imeneyo adalibe mphamvu zosungira liwu la munthu kwa nyimbo yathunthu, koma ankatha kuimbitsa makiyibodi ndi ng'oma zamagetsi mosaphonya.

Apa mpamene ukwati wa zipangizo ziwirizi udayambira. Woimba ankafuna kuti liwu lake ndi gitala zikhale pa tepi, makiyibodi aziimbidwa ndi kompyuta, ndipo zonsezo ziziyendera limodzi. Njira yake idali yopereka mzere umodzi wa tepi, makamaka wakumapeto, kuti pajambulidwe kaphokoso kosakoma m'khutu, kamene kankawerenga nthawi. Kaphokoso kodziwika kwambiri kanali ka SMPTE, kochokera kwa anthu a mafilimu ndi wailesi ya kanema, kamene kamatchula ola, mphindi, sekondi ndi tizigawo ta sekondi. Kabokosi kena kankamva kaphokosoko nkukamasulira m'chiyankhulo cha MIDI, ndipo kompyuta inkadziwa pamene tepi yafika. Munthu akabweza tepi m'mbuyo nkuiyambitsanso pakati pa nyimbo, kompyuta inkalumpha nkuipeza. Mtengo wake udali wowawa, pakuti mwini makina a mizere 4 ankatsala ndi itatu, ndipo pa tepi yopapatiza kaphokosoko kankadontherera pamzere woyandikana nawo. Koma phindu lake lidali lalikulu, chifukwa makiyibodi onse sankadyanso malo pa tepi. Chofunika kuchigwira nchakuti tepi ndiyo inkatsogolera, kompyuta nkumatsatira. Chifukwa chake nchapafupi: tepi imakokedwa ndi mota ndi malamba, ndipo liwiro lake limasinthasintha pang'ono, pamene kompyuta ingathe kufulumira kapena kuchedwa mosavuta. Woyenda ndi nkhalamba ndiye amalinganiza phazi lake.

Zaka za m'ma 1990 zidabweretsa njira ya digito m'nyumba za anthu. M'malo mosunga mawu monga maginito pa tepi, makina a digito amayeza kugwedezeka kwa mawu maulendo zikwizikwi pa sekondi iliyonse, nkulemba zoyezazo m'manambala. Mu 1992 kampani ya Alesis idayamba kugulitsa makina otchedwa ADAT, ojambula mizere 8 pa kaseti ya kanema ya S-VHS, pa mtengo wa madola 3,995. Makina 16 otere ankatha kulumikizidwa nkupereka mizere 128. Gawo lalikulu la chimbale cha Alanis Morissette cha mu 1995, Jagged Little Pill, chimene chidagulidwa makope oposa 30 miliyoni, lidajambulidwa pa ADAT m'situdiyo ya panyumba ya Glen Ballard ku California. Nayo kompyuta sidagone. Pulogalamu ya Pro Tools idatuluka mu 1991 ili ndi mizere 4, ndipo pofika 1999 nyimbo ya Ricky Martin yojambulidwa ndi kusakanizidwa yonse m'pulogalamuyi idafika pa nambala 1 ku America. Kuyambira pamenepo kompyuta idakhala mwini khola m'masitudiyo ambiri.

Nanga nchifukwa ninji makina oima paokha sadafe? Zifukwa zake nzooneka kwa aliyense amene adajambulapo. Choyamba, makinawa amagwira ntchito imodzi yokha. Salandira makalata, safuna intaneti, ndipo sayamba kudzikonza okha woimba ali pakati pa vesi. Chachiwiri, ambiri alibe chokupizira mphepo, choncho sabweretsa phokoso m'chipinda chimene muli maikolofoni. Chachitatu, ali ndi malo ambiri olowetsera maikolofoni ndi mabatani ogwirika ndi manja. Chachinayi ndi nkhani ya kuchedwa kwa mawu. Kompyuta imalandira mawu m'timagulu, monga munthu wotunga madzi amadikira chidebe chidzaze asanachisenze. Kagulu ka zoyeza 128, pa liwiro la 48,000 pa sekondi, kamachedwetsa mawu ndi zigawo zosakwana 3 mwa zigawo 1,000 za sekondi, zimene khutu silidandaula nazo. Koma kompyuta yofooka imafuna kagulu ka 1,024, kamene kamachedwetsa ndi zigawo 21 polowa ndi zinanso 21 potuluka. Popeza mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, woimba amadzimva m'mahedifoni ngati waima mamita 14 kutali ndi pakamwa pake, ndipo kaimbidwe kake kamasokonekera. Pa makina oima paokha kuchedwaku nkochepa kwambiri kotero kuti sikumveka.

Mphamvu ya kompyuta imaonekera nyimbo ikajambulidwa kale. Pa galasi lake mawu amaoneka ndi maso, ndipo munthu angathe kudula chifuwa chimene chidalowa pakati pa mavesi, kutenga vesi labwino la ulendo woyamba nkulilumikiza ndi kolasi yabwino ya ulendo wachitatu, kenaka nkubweza zonse ngati sizidakome. Mizere siithera pa 4 kapena pa 8. Nyimbo ikatha, ingathe kutumizidwa ku wailesi kapena kwa wachibale ku Johannesburg tsiku lomwelo. Komabe m'mphamvu yomweyi muli msampha. Popeza chilichonse chingathe kusinthidwa mawa, pali oimba amene amatha miyezi akusinthasintha nyimbo imodzi osaimaliza, mpaka kukoma kwake konse kutauluka. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Makina a mizere yochepa amaumiriza munthu kugamula, ndipo kugamula ndi gawo la luso.

Tsono kugawa ntchito kwanzeru nkwakuti makina agwire mawu, kompyuta iwakonze. Pali njira zitatu zolumikizira ziwirizi.

Njira yoyamba, imene ili yapafupi ndi yosavuta kulakwitsa, ndiyo kunyamula mafayilo. Makina ambiri a masiku ano amasunga mzere uliwonse monga fayilo ya WAV pa kakhadi ka SD, ndipo kakhadiko kangathe kuzulidwa nkulowetsedwa m'kompyuta. Pali malamulo awiri. Loyamba nlakuti mafayilo onse ayambire pachiyambi penipeni pa nyimbo, ngakhale mzere wa gitala umene umalowa pakati, kuti akaikidwa m'pulogalamu angofola okha. Lachiwiri nlakuti liwiro la kuyeza likhale limodzi mbali zonse. Chimbale cha CD chimayendera 44,100 pa sekondi, pamene za kanema zimayendera 48,000. Fayilo ya 48,000 ikawerengedwa ngati ya 44,100 popanda kuisandutsa, nyimbo imachedwa ndi magawo pafupifupi 8 pa 100 alionse ndipo mawu amatsika, kotero kuti kiyibodi yoikidwa pambuyo pake sigwirizana nawo. Pa njira imeneyi palibe mkangano wa atambala, chifukwa aliyense amalira nthawi yake.

Njira yachiwiri ndiyo kusandutsa makinawo kukhala khomo la kompyuta kudzera pa nthambo ya USB. Zoom R16, imene idatuluka mu 2009, imajambula mizere 8 nthawi imodzi pa kakhadi, imayendera mabatire 6 ang'onoang'ono, ndipo ikalumikizidwa imapereka mawu a maikolofoni ake ku kompyuta, mabatani ake nkumayendetsa pulogalamu. Tascam Model 24 ya mu 2018 nayonso imajambula pa kakhadi ndiponso imatumiza mizere yake pa USB. Apa kompyuta ndiyo ikujambula, makina akutumikira.

Njira yachitatu ndiyo kuyendetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mwambi uja umagwira ntchito kwambiri pamenepa. Chipangizo chilichonse cha digito chili ndi wotchi yake yamkati yowerengera zoyeza zija, ndipo palibe mawotchi awiri amene amagwirizana kotheratu. Makina a ADAT adasiya cholowa cha nthambo yonyamula mizere 8 mwa kuwala, imene ikupezekabe pa zida zambiri. Munthu akalumikiza makina ndi kompyuta pa nthambo yotere, chilichonse nkumatsata wotchi yakeyake, m'nyimbo mumamveka kuthetheka, ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Ambiri amaganiza kuti maikolofoni yawonongeka, nakagula ina, chikhalirecho mankhwala ake ndi kuuza chipangizo chimodzi kuti chitsogolere ndi wotchi yake, chinacho chitsatire. Chimodzimodzi ndi kuyamba ndi kuima: chimodzi chitumize nthawi pa MIDI, chinacho chilandire.

Amene ali ndi makaseti akale a mizere 4 ndipo akufuna kuwasamutsira m'kompyuta ayenera kusamutsa mizere yonse pa ulendo umodzi, uliwonse pa nthambo yake. Akasamutsa iwiri tsopano, iwiri pambuyo pake, adzapeza kuti sikufola, pakuti tepi siyenda liwiro lofanana maulendo awiri. Kusiyana kwa gawo limodzi lokha pa magawo 1,000 kumafika pafupifupi kota ya sekondi pakutha pa nyimbo ya mphindi 4, ndipo ng'oma yochedwa chotero ngakhale mwana amaimva.

Vuto lina lobwera ndi kulumikiza ndilo kung'ung'uza kwa magetsi. Magetsi a m'Malawi, monganso a m'maiko oyandikana nawo, amagwedezeka maulendo 50 pa sekondi, ndipo zipangizo ziwiri zikalumikizidwa ku masoketi osiyana, kugwedezekako kumalowa m'nyimbo ngati kulira kwa njuchi. Chithandizo chake ndi kulumikiza zonse pa soketi imodzi, kugwiritsa ntchito nthambo zabwino za mawaya atatu, kapena kuzula chaja kuti kompyuta ya m'manja iyendere batire pojambula. Pali ena amene amathyola mwendo wachitatu wa pulagi, umene umapititsa magetsi otayika pansi, poona kuti phokoso likutha. Mchitidwe umenewu ngwoopsa zedi. Chida chikadzawonongeka mkati, magetsiwo adzadutsa mwa munthu amene wagwira gitala kapena wagunda maikolofoni ndi milomo.

Ubwino wa kugawa ntchito chotere umaoneka kwambiri pamene oimba sangathe kubwera kusitudiyo. Kwaya ya anthu 30 singakwane m'chipinda chogona, ndipo mawu ake amakoma m'tchalitchi momwe idazolowera. Wojambula wanzeru amasiya kompyuta kunyumba, nanyamula makina, maikolofoni ndi mabatire atsopano. Magetsi akazima pakati pa nyimbo, makina olumikizidwa kukhoma okha angathe kutaya fayilo imene anali asanaitseke, pamene oyendera mabatire amapitirira osadziwa nkomwe kuti kunja kwada. Nyimbo zina sizikanamveka konse popanda zida zopita kumene kuli oimba. Mu 2013 Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli adalowa ndi zida zojambulira m'ndende ya Zomba, ndipo chimbale cha Zomba Prison Project chimene chidatuluka mu 2015 chidasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya Grammy ya mu 2016.

Wojambula uja akabwerera kunyumba, ntchito yake yoyamba, asanadye nkomwe, ikhale kukopera mafayilo m'kompyuta ndi pa chosungira china chapadera, ndipo kakhadi kaja asakafufute kufikira ntchito yonse itatha. Malo ake si ambiri: nyimbo ya mphindi 5 ya mizere 8, yoyezedwa pa 48,000 ndi mabiti 24, imadya mamegabaiti pafupifupi 350. Pamenepa mpamene kukhala ndi zipangizo ziwiri kumapindulitsa koposa, pakuti nyimbo imakhala ndi nyumba ziwiri. Anthu 30 amene adasiya minda ndi malonda awo, nayenda mtunda wautali, naimba ndi mtima wonse, sangaitanidwenso ndi mawu akuti zonse zafufutika. Madzi akatayika saoleka.

Palibe lamulo lakuti munthu akhale ndi zonse ziwiri. Billie Eilish ndi mchimwene wake Finneas O'Connell adajambula chimbale chawo cha mu 2019 m'chipinda chogona cha m'nyumba ya makolo awo ku Los Angeles, pa kompyuta ya pulogalamu ya Logic Pro, ndipo mu Januwale 2020 chidapata mphotho ya Grammy ya chimbale chopambana cha chaka. Springsteen uja adalibe kompyuta. Onsewa adadziwa chida chimene chidali m'manja mwawo, ndipo adali ndi nyimbo yoti aimbe. Koma mwini chipinda uja, amene mwayi wamupatsa zonse ziwiri, alibe chifukwa chogulitsira chimodzi pomvera anzake. Asanadine batani lofiira, angodzifunsa mafunso atatu: Kodi chikugwira mawu nchiti? Kodi chikusunga nthawi nchiti? Kodi nyimboyi usiku uno igona malo angati? Akayankha mafunso amenewa, atseke chitseko, auze ana a panja akhale chete pang'ono, ndipo woimba ayambe.